Dokotala wa m'foni ya amayi

Fodya atatigwetsa chaka chachiwiri, ndinawauza amayi kuti ndikupita ku Joni. Sanandiletse. Anangofunsa kuti, "Nanga kuchipatala azindiperekeza ndani?" Amayi ali ndi matenda a shuga, ndipo mwezi ndi mwezi ndinkawakweza panjinga kuchoka kwathu ku Chisepo, m'boma la Dowa, kukatenga mapiritsi. Ndinati mlongo wanga Enelesi alipo.

Ku Joni ndinkatsuka magalimoto, kugona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, koma kusungulumwa kokhakokha. Nditangopeza kangachepe ndinawagulira amayi foni yaikulu kuti tizionana nkhope. Kuonanako kunali kwa apo ndi apo, ntchito inkandipana.

Kenaka anayamba kunditumizira timavidiyo tafupitafupi. Bambo wina wovala choyera ngati dokotala, Chichewa chake chosalala bwino, akuti asayansi apeza kuti masamba a mapeyala owiritsa amathetseratu shuga. Asayansi akuti? Osatchula. Kavidiyo kankatha munthu usanameze n'komwe malovu.

Ndinaimba mtima uli m'mwamba. "Amayi, mapiritsi mukumwa?"

"Iwe Lameki, usade nkhawa, ndili gwa!"

Ndinawatumizira vidiyo ya dokotala weniweni, yaitali, ya Chingerezi. Anati inawadyera mayunitsi, anaisiya panjira. Tulo tinandithawa. Ndinkapukuta galimoto ya bwana, maganizo ali ku Dowa.

Enelesi ndiye anaulula: amayi mapiritsi anasiya kalekale, ndipo ali ndi chilonda kuphazi chomwe sichikupola. Ndinasiya ntchito osatsanzika, n'kukwera basi. Pa Mponela ndinatsika n'kulunjika kumudzi.

Ndinawapeza pakhonde, ataonda, phazi atalikulunga ndi chitenje. Fungo lokha linandiuza zonse. Tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo adokotala anati chala chachikulu ndiye chapita, phazilo ayesetsa.

Lero akumwanso mapiritsi, koma mantha sanandichoke. Kavidiyo kaja kanazungulira gulu lonse la amayi a kutchalitchi kwathu, ndipo ena akuwiritsabe masamba.

Tsiku lina ndikuwatsuka bala, ndinalephera kupirira. "Koma amayi, munthu wosamudziwa, mpaka kumukhulupirira chonchi?"

Anandiyang'ana n'kuyankha kuti:

"Kuchipatala amangolemba, osakweza n'komwe mutu. Iwe umaimba Lamulungu lokha, mothamanga. Wa m'foni uja ankandiyang'ana m'maso, n'kundifotokozera m'Chichewa, tsiku lililonse. Ukanakhala iwe, mwana wanga, ukanamvera ndani?"

Ndinangopitiriza kumanga bandeji.