Bala la a Mphepo

Mayi Fainala Mwavi a ku Chulu anaphunzira kuwerenga ali kale ndi ana anayi. Anzawo ku sukulu yakwacha ankafuna kumalemba okha makalata, koma iwo ankafuna kudzionera okha m'Baibulo mmene Mulungu amathanirana ndi mafumu oipa.

Amuna awo, a Goodwin, anali ndi munda m'mbali mwa dambo, wa dothi lakuda losachedwa kubereka. Awo anali masiku a chipani chimodzi, ndipo tcheyamani wa dera lonselo anali a Mphepo, munthu amene akatsokomola amuna ankavula zipewa. A Mphepo anausirira mundawo kuti akulitse esiteti yawo ya fodya. A Goodwin anakana. Sipanapite nthawi, mbiri inamveka yakuti a Goodwin anyoza boma, ndipo galimoto inadzawatenga masanasana, khasu lili m'manja.

Anabwerako patapita zaka ziwiri, mano akutsogolo mulibe, mawunso mulibe. Akamva injini ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Dzinja lotsatira anamwalira. Apo n'kuti munda uli kale m'manja mwa a Mphepo, ndipo popeza ana ankafuna kudya, a Fainala anayamba ganyu yosoka fodya wa m'munda womwewo.

Masana ankasoka masamba m'chigafa, madzulo ankawerenga. Anapeza Ahabu, amene analanda munda wa Naboti, agalu n'kudzanyambita magazi ake. Anapeza Nebukadinezara akudya udzu ngati ng'ombe. Anapezanso Herode, amene anadyedwa ndi mphutsi. Masamba a Baibulo amenewo anada ndi utomoni wa fodya wa m'zala zawo. Ndiye anadikira.

Koma a Mphepo ankangonenepa. Ndale zitasintha, iwo anangosintha malaya. Anagula malata a tchalitchi, anthu n'kumawakhazika kutsogolo Lamulungu lililonse. Ana a a Fainala anakula, anakwatira, ena anapita ku Lilongwe. Mkwiyo uja sunathe chifukwa chokhululuka ayi. Unangouma pang'onopang'ono, mpaka a Fainala ankatha kudutsana ndi galimoto ya a Mphepo n'kungopatuka kuti fumbi lidutse.

Chaka chathachi zinthu zinatembenuka. A Mphepo, atakalamba, anadwala matenda a shuga, ndipo pamwendo panatuluka bala losapola. Akazi awo anali atamwalira kale. Ana awo anagulitsa esiteti n'kubwerera kutauni, matenanti anabalalika. Mkuluyo anatsala yekha m'nyumba yaikulu yong'aluka makoma, akudikira wachifundo womupatsa phala.

Amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi anagwirizana zomakamuona mosinthana. Mtsogoleri wawo, mayi Malita, anawatengera a Fainala pambali.

"Inu mukhoza kutsala, amayi. Tonse tikudziwa."

"Ndipita," anatero a Fainala. "Miyendo ndili nayo."

Anapita awiriwo m'mawa wa Lachisanu. Fungo linawachingamira pakhomo. A Mphepo anali pamphasa, poti pabedi ankagwapo, ataonda mpaka nthiti kuonekera. A Fainala anagwada n'kumasula chinsanza chimene chinakulunga mwendo. M'balamo munali mphutsi, zoyera, zikungoyendayenda.

A Malita anathamangira panja atagwira pakamwa. Atabwerera anaima pakhomo, maso ali tong'o, n'kunong'oneza: "Herode! Amayi, mwaona? Mulungu sagona!"

A Fainala anaona. Anakhala chogwada, akumvetsera m'chifuwa mwawo ngati munthu womvetsera mvula yakutali. Zaka zonsezi ankaganiza kuti tsikuli likadzafika adzalulutira, kapena adzalira, kapenanso adzagwa pansi kutamanda. Koma munalibe kanthu. Mawondo okha ndi amene ankapweteka chifukwa cha simenti.

"Kolezani moto, tifunditse madzi," anatero. "Muthiremo mchere."

Anazichotsa mphutsizo imodziimodzi ndi kamtengo, n'kumaziponya m'chigoba. A Mphepo ankabuula chapansipansi. Kenaka anatsegula maso n'kuwayang'ana.

"Kodi ndinu a kwa yani, mayi?"

"Ndine mkazi wa malemu Goodwin Mwavi."

Mkuluyo anaganiza. "Goodwin... ankayendetsa thirakitala uja?"

"Ayi. Wa munda wa kudambo."

"Sindikumukumbuka," anatero a Mphepo, ndipo nkhope yawo inasonyeza kuti sakunama.

"Tambasulani mwendo," anatero a Fainala.

Anapitako kangapo konse, nthawi yawo ikakwana. Ankatsuka bala, kuwamwetsa phala, kusesa, n'kubwerera kwawo. A Mphepo ankawafunsa dzina ulendo uliwonse, mpaka a Fainala analeka kuyankha. Pambuyo pake mwana wina wa a Mphepo anabwera ndi galimoto n'kuwatengera bambo akewo kuchipatala, komwe anawadula mwendo. Sanabwereko amoyo. Maliro awo anali aakulu, anapha ng'ombe, ndipo amene analankhula anati kwagwa mtengo wamthunzi.

Lamulungu lotsatira mkulu wampingo analalikira za Herode. Sanatchule dzina la munthu, koma tchalitchi chonse chinkacheukira kwa a Fainala. Ena ankagwedeza mitu, ena ankati amen mokweza. Iwo anangoika manja pamiyendo. Kunja kunali kutachita mdima wa mvula, ndipo ankaganiza za denga la chigafa cha mwana wawo limene linkadontha.

Potuluka, a Malita anawagwira mkono.

"Tsono mtima wakhala pansi, eti? Mwaziona ndi maso anu."

"Kaya," anatero a Fainala. "Mwina chinali chilango. Mwina ndi shuga basi. A Goodwin sanadyedwe ndi mphutsi, koma anafa ali ndi zaka zochepa kuposa mwana wanga woyamba lero."

A Malita anawasiya mkono.

Munda uja tsopano ndi wa munthu wina wa kutauni amene palibe akumudziwa nkhope. Anauzinga ndi waya, akulimamo soya. A Fainala akadali ku Chulu. Maso achita khungu pang'ono, koma zala zikadali zachangu, ndipo nyengo ya fodya ikafika mudzawapeza atakhala pansi, miyendo chotambasula, mulu wa masamba uli pambali. Kutchalitchi sajomba. Akafunsidwa za a Mphepo amangoti anali ndi bala lalikulu.

Tsiku lina anakumbukira kuti beseni lawo analisiya kunyumba kwa malemuwo. Anayenda wapansi kukalitenga, anapeza chitseko chili chokhoma, udzu utamera pakhonde. Anasuzumira pawindo, analiona lili pakona, chovundikira. Anaimapo pang'ono, kenaka anabwerera.