Bowa wa M'bulugamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kupha bambo anga ndi bowa. Musaseke, ndikunena zoona. Inali nthawi ya Chitaganya, ife tikukhala pa komboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi Sipolilo, kumene lero mukuti Guruve. Ababa anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo atatopa ndi khasu la mzungu anaphunzira kuphika. Mkazi wa mwini famu, amene tonse tinkangomuti Misisi, anali ndi nyumba ya alendo ya zipinda zisanu kumtunda kwa damu. Azungu ankachokera ku mzinda wa Sozibele kudzawedza ndi kudzasaka, koma chimene chinkawabweretsa kachiwiri chinali dzanja la Ababa.

Sitolo inali kutali, msewu nawo unkadukaduka mvula ikagwa, ndiye Ababa ankaphika za pompo: nkhanga za m'tchire, nsomba za m'damu, masuku osefa bwinobwino n'kusakaniza ndi kirimu wa ng'ombe za pafamu. Koma mbiri yawo yeniyeni inali supu wa bowa wa ndelema, amene anzathu Achishona amati nhedzi. Mvula ikangoyamba, alendo ankalemba makalata kufunsa ngati bowa wamera.

Wozula bowayo ndinali ine. Amayi anandiphunzitsa ndili wamng'ono, ndipo lamulo lawo lalikulu linali limodzi: bowa wa pansi pa misuku zula, wa pansi pa bulugamu usamukhudze ngakhale atakongola bwanji, amapha. Bulugamu pafamupo anali mizeremizere, wa nkhuni zowotchera fodya m'mabalani. Ababa ankandiyamikira pamaso pa anthu kuti mwana wawoyu bowa amamudziwa kuposa akuluakulu. Mukudziwa mmene mwana amachitira akatamandidwa. Mutu unandikula, ndinkayenda pakomboni ngati kapitawo.

Lamlungu lina kunkabwera alendo khumi ndi awiri kudzadya chamasana, ndipo Misisi anali atalemba kale supu wa bowa pa kakhadi ka patebulo. Ndinalawirira ndi dengu langa n'kuwoloka mtsinje, koma azimayi a ku famu yoyandikana anali atandiyambirira. Pansi pa misuku panali mapazi okhaokha. Ndinazungulira mpaka dzuwa linakwera, mame atandinyowetsa mpaka m'chiuno, ndipo m'dengu munali tibowa tisanu basi.

Pobwerera ndinadutsa njira yachidule ya m'bulugamu. Mayo ine! Bowa anali mbee, woyera, wonenepa, wofanana ndendende ndi ndelema. Ndinaima nthawi yaitali. Lamulo la amayi ndinkalidziwa, sindinganame kuti ndinaiwala. Koma ndinaganiza za nkhope ya Ababa ataona tibowa tisanu, ndinaganizanso za atsikana a pakomboni mmene akanandisekera. Ndinadziuza kuti bowa ndi bowa, mtengo ulibe kanthu. Ndinazula mpaka dengu linadzaza, kenaka ndinachotsa timasamba ta bulugamu tonse timene tinamatirira, n'kupukuta manja ndi dothi kuti fungo lake lisandiulule.

M'khitchini munali moto. Ababa anali thukuta kamukamu pa chitofu cha nkhuni, nkhanga zinayi zili mu uvuni. Anasuzumira m'dengu ali chapatali.

"Wambiri chonchi wamupeza kuti?"

"Kumisuku, Ababa, kutsidya kwa mtsinje."

"Zikomo, Nabanda," anatero. Ankanditchula ndi mfunda akakondwa kwambiri.

Ndinadzipereka kusenda ndi kudula bowayo ndekha. Iwo anayesa ndi khama, pamene ine ndinkafuna kuti asamuone ali wathunthu. Anamukazinga mu batala ndi anyezi, anathira msuzi wa mafupa a nkhanga, ndipo fungo linafika mpaka kukhonde kumene azungu ankamwa mowa wawo. Ine ndinakhala pakhomo n'kumasenda mbatata. Ndikuuzeni zochititsa manyazi: mumtima ndinkati ngati wina m'mimba mungamupweteke, azungu ali ndi magalimoto ndi madokotala awo. Umu ndi mmene ndinkadzitonthozera.

Chimodzi chokha sindinachiganizire. Kuki weniweni salola chakudya kutuluka asanachilawe. Ndinakweza maso n'kuona Ababa atatunga supu wodzaza supuni yaikulu, akuuzira pang'onopang'ono kuti azizire. Ife dokotala tikanamupeza kuti? Chipatala chinali ulendo wa tsiku lonse pa ngolo.

"Ababa, musadye!"

Sindikumbukira mmene ndinadumphira. Ndinamenya supuni ija, supu wotentha n'kundithira padzanja, ndipo chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Ndinalira kwinaku ndikuulula zonse, mamina ndi misozi pamodzi. Ababa anandiyang'ana osaphethira.

"Yense ndi wa m'bulugamu?"

"Asanu okha ndi akumisuku."

Ababa ananyamula poto ndi nsanza, anapita kuseri kwa khitchini, anakumba dzenje, anakhuthuliramo supu yense n'kukwirira ndithu kuti agalu ndi nkhuku zisafukule. Atabwerera anandinyika dzanja m'madzi ozizira a mumtsuko.

Apo n'kuti Misisi atamva phokoso. Analowa, anayang'ana pachitofu, n'kufunsa kuti supu ali kuti. Ababa anaima chilili, epuloni yawo ili mbuu ndi dothi, n'kuyankha m'Chilapalapa chimene tinkalankhula ndi azungu: "Bowa sanali bwino, Misisi. Ndataya." Dzina langa sanalitchule. Misisi anafiira nkhope. Anati alendo ena abwera ulendo wonsewo chifukwa cha supu ameneyo, ndipo makuki ofuna ntchito ndi ambiri pamsewu. Mawu amenewo tonse tinkawadziwa tanthauzo lake. Munthu akachotsedwa ntchito pafamu, nyumba ya pakomboni ankatulukamo tsiku lomwelo, ana ndi mphasa zomwe.

Misisi atatuluka, Ababa ananditembenukira. "Kulirako ukalira mawa. Thamanga kwa amako, ukatenge nkhwani wanthete ndi chiponde chonse chili m'nyumba."

Ndinathamanga ngati ndaba. Amayi anathyola nkhwani m'kadimba kathu osafunsa zambiri, koma diso limene anandiponyera linandiuza kuti nkhani ikudikira. Ndiwo zimenezo zinali zathu za pakomboni, ndipo palibe anaganizapo kuti zingakwere patebulo la nsalu yoyera. Ababa anasadzula nkhwani, anawiritsa mu msuzi wa nkhanga umene unatsala, anasungunuliramo chiponde, anasefa kawiri mpaka supu anasalala, n'kudonthezera kirimu pamwamba. Analawa, anawonjezera mchere, analawanso. A Sandifolo, amene ankaperekera chakudya patebulo, ananyamula mbale zija akupukusa mutu.

Tinadikira. Ine dzanja linkandiwawa. Patapita nthawi a Sandifolo anakankha chitseko ndi phazi, mbale zili mbee. "Achimwene, watsala?" anafunsa. "Mayi wina wachipewa akuti awonjezere." Ababa anangokhala pansi pa kampando ka nkhuni n'kupukuta nkhope ndi epuloni. Misisi sanathokoze, sinali mbali yake imeneyo, koma za pamsewu sanazitchulenso. Lamlungu lotsatira supu wa nkhwani analembedwa pa kakhadi kaja.

Madzulo ake amayi anali atathyola kale mkwapulo wa mpichesi, ndipo kunena zoona unali wondiyenera. Ababa anati, "Musiyeni, wapsa kale." Ndinagona ndikudziwa kuti za bowa zatha, ndipo dengu lipita kwa mwana wa eni ake.

M'mawa kutacha ndinawapeza ataima pakhomo, dengu lija lili m'manja.

"Mvula yagwa usiku. Pita."

"Tumani wina, Ababa. Ine ndinakunamizani."

"Unandinamiza, inde. Koma pakomboni pano ndani wina amene anandilandapo supuni pakamwa? Pita, ukapeza atatu ubwere nawo atatuwo."

Tsiku limenelo ndinabwera ndi bowa wosadzaza n'chipewa chomwe, ndipo Ababa anamulandira ndi manja awiri.

Ngati bowa uja analidi wakupha kapena ayi, sindinadziwe, ndipo sindifuna kudziwa. Chimene ndazindikira nditakula, nditalera ana anga ndi adzukulu kuno ku Concession, n'chakuti Ababa anali ndi zinthu ziwiri patsogolo pawo: bodza langa la m'mawa ndi kukuwa kwanga kwa masana. Anasankha kundiyeza ndi chachiwiricho. Akanandikwapula tsiku lija, ndikanaphunzira kuti ukalakwa uzitseka pakamwa mpaka mapeto, zivute zitani. N'chifukwa chake mwana akabwera kwa ine akunjenjemera kuti, "Agogo, ndinanama," sindimufunsa kuti unali kuti nthawi yonseyi. Ndimamukhazika pansi kaye n'kumuuza kuti wachita bwino kubwera.