Tsiku Limene Anandizimitsira Maiki

Amene anandilakwira ndi achimwene anga enieni, a bere limodzi. Anandizimitsira maiki ine ndikuyimba, amayi atakhala mpando wakutsogolo.

Tinali anyamata anayi oyimba ndi pakamwa pokha, popanda gitala kapena ng'oma. Tinkayimba nyimbo zachizungu zakalekale, zachikondi zija amakonda madalaivala a mathiraki akamadikira pa malire. Ine sukulu ndinalekeza folomu wanu, Chizungucho ndinkangochitola ndi khutu, koma besi inali yanga. Achimwene ndi amene ankatitsogolera.

Ndiye kunabwera okesitira ya ku Blantyre, chigulu cha anthu a mavayolini, malipenga ndi zitoliro, kufuna oyimba akonkuno oti ayimbe nawo mu holo ina pa Boma. Anasankha ife.

Vuto langa linali loti ndikamayimba ndimatsinzina. Pamene anthu amenewa amayendera kandodo ka bambo wowatsogolera: kakatsika, onse zii. Poyeserera ine ndinkangopitirira ndekha, anzanga atasiya kale. Bamboyo anangoseka. Koma mnzathu wina anati ndikulira ngati thiraki yokanika chitunda. Ndinamugwira kolala, mipando inagwa, alendo onse akuona. Achimwene nawo anaona zonsezo.

Tsiku loyimbalo amayi anabwera pa kabaza kuchokera kwa Kanduku, atavala chitenje chawo chakutchalitchi. Anali asanandionepo ndikuyimba pa gulu. Chisiyireni sukulu, nkhani zanga zimene zinkawapeza zinali za ndewu basi.

Mavayolini atayamba kumbuyo kwathu, thupi lonse linachita tsemwe. Ndipo ndinatsegula maso. Nyimbo zonse ndinayang'anitsitsa kandodo kaja mpaka maso kuwawa, kakatsika nane n'kusiya. Sindinaphonye olo kamodzi. Ndi phokoso la malipenga m'makutu, mawu anga ndinkawamva m'chifuwa, ndiye ndinkayesa akufika kwa anthu.

Titatuluka, amayi anandigwira mkono.

"Pakamwa ndimapaona, mwanawe, koma mawu ako sindinawamve. Uli ndi chimfine?"

Ndinapita kwa mkulu wa masipika. Anayamba wazemba, kenako anaulula kuti achimwene anamuuza kuti maiki yangayo aizimitse ndithu, ndingawachititse manyazi pamaso pa alendo.

Amene amandidziwa akanayembekeza chibakera. Ayi. Ndinawaperekeza amayi pa kabaza, ndinawauza kuti chinalidi chimfine, iwo n'kundilangiza mandimu ndi madzi otentha. Mphamvu zolusira zinandithera pamenepo.

Masiku anapita osapitako koyeserera. Tsiku lina masana ndinawapeza achimwene kuseri kwa msika akuphunzitsa anzathu aja nyimbo ina. Anandikodola kuti ndiime pamalo panga, ngati palibe chinachitika. Sindinaime. Manja ndinawasunga m'matumba.

"Achimwene, tsiku lija ndinatsegula maso. Mukanangocheuka kamodzi mukanaona nokha. Amayi anayenda mtunda wonse uja kudzaonera pakamwa panga. Wa besi mupeze wina."