Wajambula Makwinya, Wasiya Mitengo

Ntchito yanga ndi kujambula maukwati. Mundiike m'holo yodzaza ku Limbe, msozi wa apongozi ndiugwira usanafike pachibwano. Kamera yanga inazolowera nkhope, ndipo chizolowezi chimenechi n'chimene chinandichititsa manyazi kwa amalume.

Amalume ndiwo ankasunga manda a mtundu wathu, kankhalango kotsala m'munsi mwa phiri kuseri kwa Bangwe. Manda akalewo alibe ziliza. Aliyense wogona mmenemo amadziwika ndi mtengo wake, ndipo wodziwa mitengoyo anali iwo okha. Nyumba za mapuloti zinali zitafika kale m'mphepete, maso a amalume nawo atayamba ng'ala. Ndinachita mantha kuti tsiku lina tidzaima mmenemo ngati alendo, osadziwa pamene pali agogo athu.

Loweruka lina ndinakwera minibasi, kamera ili pamiyendo. Ndinawapeza atatchena jekete imene anapumira nayo ntchito ku fakitale ya ku Makata. Titalowa m'nkhalangomo, anayamba: “Apa pagona mayi wa mayi ako. Apo mchemwali wawo, uja ankakana nsapato.” Kwathu manda salozedwa ndi chala, amati chimawola, ndiye iwo ankaloza ndi milomo. Ine kalikiliki kukokera nkhope yawo pafupi, mtima uli mbee kuti ndapeza zithunzi zokoma.

Sabata yotsatira ndinawaonetsa pa laputopu filimu imene ndinajambulayo. Anayandikitsa maso.

“Iwe, ‘apa’ ameneyu ali kuti?”

“Apa pati, amalume?”

“Ndikunena kuti apa pagona agogo ako, koma ndikungoona mphuno yanga. Wajambula makwinya, wasiya mitengo. Ndikukwatira kodi?”

Ndinaseka, koma nkhope inandigwa. Tinabwereranso. Ulendo uno jekete anaisiya kunyumba. “Utsate dzanja langa ndi mapazi,” anandilamula. Mtengo uliwonse ankaugwira ndi chikhatho, muwanga, mkuyu, msuku, n'kufotokoza wogonapo ndi timakhalidwe take, ngati anthu amene angosiyana nawo dzulo. Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo. M'filimu yonseyo nkhope yawo imaoneka kamodzi kokha, pamene ndinapunthwa pamuzu.

Chakumapeto anaima pamalo opanda kanthu, pakati pa misuku iwiri, n'kusesapo masamba ndi phazi. “Apa palibe munthu,” anatero. “Koma mthunzi wake ndi wabwino.” Pokonza filimuyo ndinkafuna kudula kachigawo kameneka, ndinkati n'kotaya nthawi. Ulesi ndi umene unandiletsa.

Amalume anatisiya chaka chatha. Adzukulu, anthu okumba manda, anafika m'mawa ndi makasu awo n'kufunsa pokumba. Tonse tinangoyang'anana, poti pamaliro ena onse woyankha funso limeneli anali amalumewo. Ndinatulutsa foni mmene munali filimu ija. Tinayenda potsata dzanja lawo, mtengo ndi mtengo, mawu awo akumveka m'nkhalangomo, amayi akuvomera ndi mutu misozi ili chuchuchu. Tinafika pa misuku iwiri ija. Pafoni phazi lija linasesa masamba, mawu aja n'kumvekanso.

Mkulu wa adzukulu anavula chipewa.

“Atiuza okha,” anatero, n'kugwetsa khasu loyamba pamthunzipo.