Mbale za a Desmond

Ndinaganiza zopita ku Mangalande kiliniki imene ndinkagwirako ntchito ku Mponela itatsekedwa. Abambo anga, amene anali okha chimwalirire amayi, anandiperekeza mpaka pa depoti. "Pita Esinati, ine ndikadali ndi mphamvu," anatero.

Ejensi ya ku Birmingham inanditumiza ku Telford kukasamalira a Desmond, nkhalamba yachizungu imene inkadwala matenda oiwala. Viza yanga inali m'manja mwa ejensiyo. Dandaulo limodzi lokha, ntchito yatha. Ndinkaopa menejala, ndinkaopa foni ikalira, ndinkaopanso a Desmond, chifukwa mutu ukawasokonekera ankakalipa n'kuponya makapu.

Chinkawaziziritsa mtima ndi mbale zawo za galamafoni, zonse za munthu mmodzi woimba klarineti, chitoliro chakuda chija cha m'jazi. Kale woimbayo ankatsogolera bandi yaikulu yovinitsa anthu m'maholo, koma mbale zimene a Desmond ankakonda n'zimene anajambula atakula, ndi anzake ochepa: piyano, besi, gitala ndi ng'oma yongokwecha pang'onopang'ono. Ngakhale kupuma kwake kunkamveka. Tsiku limene mutu wawo unali bwino, a Desmond anandiuza kuti, "Apa alibe pobisala. Akalakwitsa, tonse timva."

Poyamba nyimbozo zinkandichititsa nthumanzi. Kunja kuli zii, anthu odutsa kulibe, m'nyumba chitoliro chikungolira ngati munthu wosowa womuyankha. Kumudzi ndinkangotumiza mavoisi akuti zonse zili bwino.

Tsiku lina masana ndikuyanika zovala, ndinamva mbale yatha. Polowa, chitseko chili pululu, a Desmond kulibe. Ndinathamanga m'timisewu tofanana tokhatokha, ndikuganiza za magalimoto, za apolisi, za zimene ndikanene kwa mwana wawo. Ndinawapeza pa siteji ya basi atavala silipasi, akuti akupita kudansi ku Birmingham. Nditawagwira mkono anandikankha. Anthu anayamba kutiyang'ana, mkazi wakuda akukoka nkhalamba. Ndinasaka nyimbo ya woimba uja pa foni. Klarineti italira anatchera khutu, n'kunditsatira ngati kuti ndine ndikuimba.

A Desmond anamwalira m'nyengo yozizira. Pasanapite nthawi, mchemwali wanga Lonely anandiimbira. "Achemwali, bwerani. Ababa sali bwino. Tinkaopa kukuuzani."

Nditafika kumudzi, ndinapeza abambo atawatsekera m'chipinda. Sanandizindikire, anandifunsa ngati ndabwera kudzagula mtedza. Lonely anati akhala akusochera, ndipo m'mawa wina anapezeka pakhomo pa eni ake asanavale bwino. Mwana wa pakhomopo atadwala, anthu anayamba kunena kuti abambo ndi mfiti. Mawindo athu awiri anali ataswedwa kale ndi miyala.

Ndinapita khomo ndi khomo kufotokoza kuti ndi matenda, kuti ndawaona ndi maso anga. Ena anamva. Ena anangoti, "Inu mwazolowera za Azungu."

Ku Telford ndinkaganiza kuti mantha ndi a kuchilendo, kuti ndikafika kwathu ndidzapuma. Koma kumeneko nkhalamba ikasochera, woopa ndinali ine ndekha. Kuno amene amaponya miyala ndi anthu amene abambo anawaphunzitsa Sande sukulu. Tikiti yobwerera ndinaisiya. Masiku ano abambo akafuna kuyenda ndimatsegula chitseko, n'kuyenda nawo pakati pa msewu, anthu akuona.