Mapu Amene Ndinalemba Pachulu

Chaka chimene amayi anadwala sitiroko ndinachoka ku Lusaka ndi laputopu ndi chikwama chimodzi, n'kubwerera kwathu ku Kanakantapa. Dzanja lawo lamanzere linali litafooka, mwendo nawo unkachita kukoka. Wina wowasamala panalibe.

Ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu. Anzanga amalemba pulogalamu, ine ndimasakasaka pomwe ingathyoke isanafike m'manja mwa anthu. Nthawi imeneyo tinkapanga ya pafoni, yoti alimi a ndiwo zamasamba azigulitsira malesitilanti a m'tauni. Ba madamu, akulu a gulu lathu, anandilola kugwirira kumudzi, koma anandichenjeza. "Ukayamba kutichedwesa, ubwele kuno, olo utipase malo tifake wina." Sanali oipa mtima, koma akanena anena.

Ndipo ndinayambadi kuwachedwetsa. Tisanayese chilichonse tinkajambula mapu a njira zonse zimene munthu angadutse mu pulogalamu: bokosi apa, muvi apo, akadina ichi apita uku, akakana apita uko. Mayeso onse amachokera pa mapuwo. Anzanga ankajambula pa intaneti, kukoka timabokosi tamitundumitundu. Kwathu tsamba limenelo silinkatseguka n'komwe, kankangozungulira kachizindikiro mpaka ine kulakalaka kuponya laputopuyo m'khola la mbuzi.

Ndiye ndinasiya kujambula, ndinayamba kulemba. Mzere uliwonse unali sitepe imodzi: "mlimi aika mtengo", kenako kamuvi ka timizere tiwiri, kenako "wogula aona mtengo". Pali kapulogalamu kamene kamawerenga mizere yotere n'kujambula kokha mabokosi ndi mivi. Mawu ndi opepuka, amadutsa ngakhale pa netiweki yathu ya njalayi. Ndinkatumiza pa meseji kwa mnzanga wina wamkazi ku ofesi, iye n'kuwaika m'kapulogalamuko. Ba madamu sanakondwe nazo. "Ine nifuna chithunzi, osati ndakatulo," anatero.

Kenako ananena zimene ndinkaopa. Kasitomala, mwini pulogalamuyo, akubwera kudzaona mapu, ine ndidzafotokoze pafoni. Zikavuta, Lolemba ndikapezeke pa desiki langa. Amayi sindinawauze.

Tsikulo malaiti anazima m'mamawa, laputopu inafa. Ndinasambitsa amayi, kuwamwetsa phala, kuwagoneka bwino pabedi, n'kukwera chulu cha kuseri kwa munda, pomwe foni imagwirako pang'ono. Dzuwa la Okutobala linali lankhanza. Poyamba zinayenda. Mnzanga anaika mapu pa sikirini yaikulu, ine ndikufotokoza zinthu zimene sindikuziona. Kenako kasitomala uja anafunsa: "Nanga matimati yakafika yoola, wogula ayakana, chichitika ni chani?"

Njira imeneyo pa mapu panalibe. Tonse tinali titaiwala.

"Ungaifake manje manje?" anandifunsa ba madamu, mawu ali ozizira. Ndinamva zomwe sananene, zoti ndikanakhala ku ofesi bwenzi ndangoimirira n'kukoka bokosi.

Ndinalemba ndi zala zazikulu, thukuta likuterera pagalasi la foni. Wogula akana katundu, muvi, ajambula chithunzi. Muvi, mlimi alandira uthenga. Mlimi avomera, njira itha. Mlimi atsutsa, nkhani ipita ku ofesi. Ndinatumiza, meseji n'kukakamira. Ndinakweza foni m'mwamba ngati woimitsa minibasi, ndikuipempha ngati munthu, mpaka inapita.

Ndinabwezera foni kukhutu. Ndinamva mpando ukulira, wina n'kutsokomola. Kaya patuluka mapu, kaya patuluka chipwirikiti, ine ndinalibe podziwira. Ba madamu atangoti "Hmm", foni inaduka.

Ndinatukwana mawu amene mwana wa m'kwaya sayenera kuwadziwa. Ndinaimba, osalowa. Nyerere zinkandiluma m'miyendo koma kutsika sindinayerekeze. Ndinali ndi mantha, ndinene zoona. Ndikapita, adzawatembenuza ndani amayi? Ndikatsala osagwira ntchito, mankhwala adzachokera kuti?

Meseji inalowa mikono itatopa kale. Anali ba madamu. "Yachoka bwino. Kasitomala afuna mapu yonse yankhale so, chifukwa tingachinje pamene apo. Nkhala kwamene uko, uphunzise anzako ndakatulo zako."

Ndinatsika chulucho chothamanga, minga ndinaimva madzulo.

Amayi ndinawapeza pansi, atatsamira bedi. Anali atatsika okha, atakoka chikwama changa kuchokera kunsi kwa bedi, ndipo ankapinda zovala zanga ndi dzanja limodzi, zokhotakhota, akuzipanikiza ndi chibwano. Thukuta linali kamukamu. Makoma athu ndi opyapyala, amayi anali atamva zonse kuyambira tsiku loyamba.

"Yenda, mwana wanga," anatero. "Nchito siisiyiwa. Ona, naseluka neka. Nizakwanisa."

Ndinagwada n'kuyamba kutulutsa zovalazo. Anandimenya padzanja.

"Amai, siniyenda. Anilola."

"Usaniname iwe."

Ndinawawerengera meseji ija, anati ndibwereze, ndinabwereza. Anayang'ana bulawuzi imene inali pamiyendo pawo, anaisiya igwe, n'kutsamira phewa langa ndi thupi lonse.

"Ninyamule," anatero chapansipansi. "Mwendo uyu wayamba kale kubaba."