Chidendene cha Amake Watipaso

Ku Katete kuno palibe amene sawadziwa a Kalisto, owongola magalimoto kuseri kwa msika. Za eni ake amakonza msanga, koma yawo, Pijo yakalekale yotsegula kumbuyo, inakhala pa njerwa mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira.

Akazi awo, amake Watipaso, atamwalira, a Kalisto analumbira kuti chiliza chidzapita kumanda ku Vubwi pa Pijo yomweyo, osati pa lole yahayala. Ndi imene anawatengera paukwati.

Ntchito inayambira popondera mapazi. Pamenepo pamamatidwa phula lokhuthala loletsa phokoso la msewu, ndipo likakalamba limabisa dzimbiri. Umalitenthetsa ndi moto wa gasi n'kumalipala ndi chitsulo, utsi uli m'maso. Mbali ya dalaivala anapala akuimba mluzu. Atanyamula kapeti mbali inayo, mluzu unatha. M'phulamo munali kadzenje ka chidendene. Mayi aja pamtsetse uliwonse ankaponda buleki yawoyawo yosaoneka, uku akukuwa, "Atate ake Watipaso, mutipha!" Phula likafewa ndi kutentha, phazi linkalowa.

Anapala mozungulira, kachidendeneko n'kukasiya. Ife apamsika tinayamba kunong'onezana kuti mdala wayamba kuweta phula.

Mlamu wawo, a Josephat, anachita kubwera kuchokera ku Sinda.

"Alamu, kumudzi chimera ananyika kale. Pansi apa pawola. Mukufuna ine ndikagwere pamsewu?"

"Ndimaliza mawa."

"Mawa lanu lija tikulidziwa. Mlongo wanga analidikira mpaka imvi."

A Kalisto anabwerera ku phula la chidendene lija. Anaganiza zolitukula lathunthu kuti akalisunge m'nyumba. Moto ukanalisungunula, ndiye anadikira chisanu cha m'mawa, n'kulowetsa mpeni kunsi kwake pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Koma phula lakale likazizira limauma ngati phale. Linangoti phwa, tizidutswa mbwee. Pansi pake panali dzimbiri lokhalokha, dothi likuonekera pachibowo.

A Josephat anatenga tsache, n'kulibwezanso pomwe linali. Amuna awiriwo anatola tizidutswato ndi zala, osayang'anana.

Masana omwewo a Kalisto anawotchererapo chitsulo chatsopano, chosalala bwino, ndipo chiliza chinafika ku Vubwi pa tsiku lake. Amene anakwera kumbuyo akuti mdala anayendetsa pang'onopang'ono njira yonse, mpaka njinga zikuwapitirira, koma palibe anagogoda padenga kuti afulumire.